Khonsolo ya alangizi ya a CTA: asankhe ndani, ife kapena a Director?

Wa ku Secretaria:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Tikufuna kukhazikitsa khonsolo ya alangizi ya ife a CTA (Corpo Técnico Administrativo, antchito osaphunzitsa) pa yunivesite yathu kuno ku Tete. Aphunzitsi ali ndi pokambira, ophunzira ali ndi bungwe lawo, ife a mu secretaria, mulaibulale, m'malabu ndi madalaivala timangomva zinthu zitagamulidwa kale. A Director anavomera pakamwa. Ndinalemba regulamento, malamulo oyendetsera khonsoloyo: anthu 9, voti yachinsinsi, zaka 2 pampando, kukumana kamodzi pa miyezi itatu. Pepala labwerako lofiira ndi bolopeni, akuti anthu 4 asankhe iwowo, ndipo a kontrakiti asavote. Ndiye ikhala khonsolo ya yani? Amene munachitapo izi, munadutsa bwanji?

Madala a ku Recursos Humanos:
Achemwali, despacho, chigamulo cholembedwa ndi kusayinidwa ndi bwana, ilipo? Ngati palibe despacho, palibe khonsolo. Zapakamwa zimatha tsiku lomwe bwana wasamutsidwa.

Wa ku Secretaria:
Palibe madala, akuti tiyambe tagwirizana za regulamento.

Madala a ku Recursos Humanos:
Ndiye mwayamba kufolera nyumba yopanda mzati. Ndiponso funsani ngati a Director wanuwo ali ndi mphamvu yosayina. Masukulu ambiri kuno ndi nthambi chabe. UniZambeze likulu lake lili ku Beira, UniPúnguè ku Chimoio kuyambira pomwe Universidade Pedagógica inagawidwa mu 2019, Católica nayonso ku Beira. Reitor ndi Conselho Universitário amakhala kumeneko. Tsegulani estatutos anu, malamulo aakulu a yunivesite, muone amene amaloledwa kukhazikitsa bungwe latsopano. ISPT (Instituto Superior Politécnico de Tete) ndiyo nkhani ina, poti likulu lake lili konkuno.

Wa mulabu ku Ulónguè:
Kumene ndinkagwira kale tinali nayo khonsolo yotere. Chaka choyamba zinayenda, tinapeza magolovesi ndi makoti amulabu, ngakhale ndandanda ya tchuthi inakonzeka. Chaka chachiwiri wapampando wathu anamukweza kukhala mkulu wa dipatimenti, basi anangoti zii. Misonkhano inasanduka yokambirana za phwando la pa 1 Meyi, ndani agule matisheti, ndani aphe mbuzi. Choncho lembanimo kuti wina akapatsidwa udindo wa chefia, mpando wa khonsolo ausiye pompo. Za anthu 4 osankhidwa ndi bwanazo musalole. Pa anthu 9, akangonyengerera mmodzi yekha khonsolo yonse yapita kwawo. Ngati akukakamira, apatseni mpando umodzi wongomvetsera, wopanda voti.

Mayi a mulaibulale:
Ine changa ndi cha a kontrakiti. EGFAE, lamulo la antchito a boma, imanena za funcionários (olembedwa mokhazikika) ndi agentes (a kontrakiti), onse awiri ndi antchito a boma, ndiye wowakaniza voti akuimira pati? Koma samalani, alonda ndi osesa ambiri masiku ano ndi a makampani apadera. Amenewo abwana awo ndi ena, amayendera Lei do Trabalho. Mukawaika pa mndandanda wa ovota, a zamalamulo akubwezerani pepala lonse. Aitaneni adzalankhule pa msonkhano, koma voti ayi.

Madala a ku Recursos Humanos:
Zonsezo n'zabwino mayi, koma mndandanda wa ovota wopanda despacho ndi pepala lokulungira mandasi.

Dalaivala:
Chonde mipando muigawe potengera magulu a ntchito. Mukangoti aliyense avotere amene akumufuna, a mu ofesi atenga yonse chifukwa ndi ochuluka ndipo amadziwana. Ife tsiku la voti mudzapeza tili pa msewu wa ku Angónia ndi ophunzira. Voti ikhale ya masiku awiri.

Wa ku Contabilidade:
Chenjezo langa ndi limodzi. Mawu oti malipiro asaoneke paliponse mu regulamento. Anthu akangomva kuti kuli khonsolo, tsiku loyamba lomwelo abwera ndi madandaulo a TSU (tebulo la malipiro a antchito a boma), wina akuti anandiika pa nível (gawo la malipiro) yolakwika, wina akuti subsídio yanga inadulidwa. TSU inabwera ndi lamulo la 2022, ili ndi magawo 21, ndipo palibe Director kapena Reitor amene angasunthe munthu gawo chifukwa khonsolo yalangiza. Mukalephera kuwathandiza adzati mwagulidwa. Mukayesa kukankha, akuluakulu adzati mwayambitsa sindicato mobisa, pamene za sindicato m'boma zili ndi lamulo lakelake la 2014. Khalani pa maphunziro a antchito, zipangizo, tchuthi, kayendedwe ka avaliação (kuunika kagwiridwe ka ntchito) ya pachaka. Ndipo acta (zolemba za msonkhano) iliyonse isayinidwe, ikalowe ku ofesi ndi chidindo, kope lina musunge nokha.

Wa mulabu ku Ulónguè:
Za nível zo musandikumbutse. Reclamação yanga mpaka lero ili m'njira.

Dalaivala:
Inu bola munalemba. Ife anatiuza kuti tidikire.

Wa ku Secretaria:
Abale tisapite ku TSU, tibwerere. Za chefia ndi kugawa mipando ndazilemba. Koma akakana kuchotsa anthu 4 aja ndipange bwanji? Ndiwadumphe ndilembere ku likulu?

Mayi a mulaibulale:
Ayi mwanawe, osadumpha. Kalata idutse mwa iwo omwewo, ndipo isakhale ya dzina lako lokha. Musayine anthu angapo a m'magulu osiyana. Ukadumpha bwana, ukumana naye pa avaliação.

Madala a ku Recursos Humanos:
Lembani requerimento yopempha despacho yokhazikitsa komiti yokonzekera. Akasayina, ndiye mukangane za anthu 4. Akakana kusayina, mwadziwa kuti sankafuna kuyambira kale. Ndanena katatu tsopano.

Dalaivala:
Madala, poti muli pompano, ajudas de custo (ndalama zapaulendo) za ulendo wa ku Moatize zimawerengedwa ngati munthu sunagone?