Mpando wa K9,000 wa Tiyamike: ndigule kapena ndisiye?

Amake Tiyamike, Chawama:
Mwaswera bwanji nonse m'gulu muno. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Ambiri mukumudziwa Tiyamike, tsopano ali ndi zaka 5. Anabadwa osalira, ndipo kuchipatala anatiuza kuti ndi cerebral palsy, vuto la mu ubongo lomwe limalepheretsa mwana kulamulira bwino thupi lake. Khosi amalimbitsa pang'ono chabe, kukhala yekha sangathe. Ndikafuna kuphika ndimamuika m'dishi lalikulu ndi mapilo, koma ndikangotembenuka ndimapeza wapendekera kumanzere, mutu uli paphewa. Kumbuyo ndikumuberekabe, koma walemera ndipo msana wanga sukulolanso. Pali munthu pa Facebook akugulitsa mpando wochokera kunja, wogwirapo kale ntchito. Uli ndi mawilo, chotsamira mutu, malamba ndi katebulo kutsogolo. Akuti K9,000, sakuchotsera. Mwezi wamawa wolandira chilimba ndine, ndipo atate ake akuti awonjezera yotsalayo, ngakhale ina ikhala ya kaloba. Ndithandizeni nzeru abale anga, ndigule?

Amake Dalitso, Matero:
Amake Tiyamike, gulani. Ine ndinabereka Dalitso kumbuyo mpaka zaka 8, ndipo mpaka lero chiuno chimandipweteka kukazizira. Titapeza mpando wa mawilo, mwana anayamba kupita kutchalitchi, anayamba kukhala panja anzake akamasewera. Anthu omwe ankangomuona ngati katundu wa pamsana panga anayamba kumupatsa moni pomutchula dzina. Zimenezo sindingaziikire mtengo. Zinthu zabwino ngati izi sizikhalitsa, mukazengereza atenga wina.

aPhiri, kalipentala, Kalingalinga:
Mayi, K9,000 ndi ndalama zambiri. Mundibweretsere chithunzi chake, ndikagule matabwa ku Buseko, ndiike siponji ndi chikopa chapamwamba chija chosalowa madzi. Sizingafike ngakhale theka la theka la mtengo umenewo. Ndinapangirapo mwana wa mlongo wanga wapakona, uja wotchinga mbali ziwiri, ndipo akuugwiritsabe ntchito.

NaBanda, wa mafizo:
Amake Tiyamike, musanayankhe wogulitsayo, ndikufunseni. Wakuuzani kutalika kwa pokhalira, kuchoka kotsamira msana kufika kutsogolo? Nanga m'lifupi mwake? Mpandowo umapendekeka wonse chagada, kapena ndi chotsamira chokha chomwe chimagona? Tiyamike ndi wolobodoka nthawi zonse, kapena amaumanso thupi n'kudzikankhira kumbuyo akasangalala kapena akadzidzimuka?

Amake Tiyamike, Chawama:
Za miyezo sananene, anangoti ndi wa ana a zaka 4 mpaka 12. Pakati pa thupi ndi wolobodoka, koma miyendo imauma n'kupingasana. Akamva nyimbo amadziwongola mpaka kutsetsereka m'dishimo.

NaBanda, wa mafizo:
Apo ndiye mtima wanga wakana. Mwana wa zaka 4 ndi wa zaka 12 sangakwane mumpando umodzi pokhapokha ngati zigawo zake zimasunthika, ndipo wosuntha akhale wodziwa.

Makolo ambiri amayang'ana chotsamira mutu, chifukwa mutu ndi umene amauona ukugwa. Ife timayambira m'chiuno. Chiuno chili ngati maziko a nyumba. Chikatsetserekera kutsogolo, msana umapindika, khosi limatsatira, ndipo mutu umagwa ngakhale mutaikapo chotsamira chodula bwanji. N'chifukwa chake matako ayenera kufika kumbuyo kwenikweni, ndipo lamba wofunika kuposa onse ndi wa m'chiuno, womangidwa pansi pamafupa, osati pamimba. Pokhalira pakatalika kwambiri, m'mphepete mwake mumadinda kuseri kwa mawondo, mwana n'kudzikokera kutsogolo kuti apume. Pakati pa kuseri kwa bondo ndi m'mphepete mwa mpando payenera kulowa zala ziwiri kapena zitatu. Mapazi aponde pa chinthu, asamalendewere. Mwana wopingasa miyendo ngati Tiyamike amafuna kachipika kofewa pakati pa mawondo, chifukwa kupingasa kwa zaka zambiri kumathandizira kuti fupa la ntchafu lichoke m'malo mwake, ndipo ana osakhala okha ndi amene ali pangozi yaikulu ya zimenezi. Zotchinga m'nthiti zimabwera pambuyo, mutu pomalizira.

Chinanso ndi kudya. Mwana womudyetsa atagona chagada, khosi litapita kumbuyo, amatsamwa, phala n'kulowera kumapapo, kenako chibayo chosatha. Mpando woyenera umathandiza kwambiri pamenepa.

Ndipo chonde nonse, musamange lamba wa pachifuwa wa m'chiuno uli womasuka. Mwana akatsetsereka, lambayo amathera pakhosi.

Amake Dalitso, Matero:
NaBanda, zomwe mwanena n'zoona, sindikutsutsa. Koma inu achipatala mumakonda kuti dikirani, tikayeze kaye. Ine ndinadikira mpando kwinakwake kupitirira chaka, dzina lili m'buku, ndikungothera ndalama m'maminibasi. Mwana sadikira, akukula ali m'dishi. Dishilo ndiye lamuyeza ndani?

NaBanda, wa mafizo:
Pamenepo mwandigwira, amayi. Dishi likumuwononga tsiku ndi tsiku, ndipo kuchedwa kwathu kumandipweteka nanenso. Sindikunena kuti adikire chaka. Ndikunena kuti ndalama zisatuluke mwana asanakhalepo pampandowo pamaso pa munthu wodziwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2008 okhudza njinga za olumala m'mayiko osauka ngati lathu, chifukwa chakuti zambiri zoperekedwa mwaulere zinkangofika, osayeza munthu, n'kukathera kuseri kwa nyumba. Malangizowo amati munthu ayezedwe, mpando ukonzedwe molingana naye, banja liphunzitsidwe, ndipo abwerenso kudzaonedwa.

Atate ake Yamikani, Mtendere:
Ndikhale mboni pa zimenezi, ngakhale zimandiwawa kuzikumbuka. Zaka ziwiri zapitazo ndinagula mpando wotero kwa munthu wina wobweretsa katundu wakunja. Unali wokongola, ndipo tsiku lomwe unafika tinaitana aneba. Koma unali waukulu kwa Yamikani. Tinkatsekera mipata ndi matawulo, iye n'kumangopotokera mbali imodzi. Patapita masabata angapo amake anaona malo ofiira pa fupa la kumapeto kwa msana. Tinkaganiza kuti ndi thukuta. Chinasanduka chilonda chomwe chinatitengera miyezi kuti chipole, ndipo nthawi yonseyo mwana ankangogona. Kenako kawilo kakutsogolo kanathyoka m'miyala ya kwathu kuno. Ndinazungulira Kamwala yense, ndinafika kumsika wa Soweto, palibe anali nako. Wogulitsa uja anasiya kuyankha foni. Mpando uli pamwamba pa wadirobu mpaka lero. Amake Tiyamike, onani mawilo ake. Ngati ali ang'onoang'ono, anapangidwira pansi posalala pa kwa eni ake, osati njira za ku Chawama mu January.

NaBanda, wa mafizo:
Pepani kwambiri atate. Ndionjezere kwa onse: mukamuchotsa mwana pampando, yang'anani matako, msana ndi m'mbali mwa chiuno. Kufiira kukapanda kuchoka patatha mphindi 30, musamubwezerepo mpaka malowo akonzedwe.

Agogo ake Mphatso, Kanyama:
Ana anga, ine ndine wachikulire, kulemba pafoni akundithandiza mdzukulu wanga wamkulu. Mphatso anadwala malungo aakulu ali ndi chaka chimodzi, n'kusiya kukhala. Mayi ake anamwalira, ndiye ndimamusunga ndine. Mpando wake ndi wa makatoni, tinautenga ku APTERS, gulu lopanga mipando ya ana olumala mkati mwa chipatala chachikulu cha UTH. Poyamba ndinakwiya, ndinati mdzukulu wanga akhale pa zinyalala? Koma anamuyeza ndi tepi, miyendo, msana, m'khwapa, zonse. Amamata makatoni ndi mapepala pogwiritsa phala la ufa, akauma amalimba ngati thabwa, n'kupaka penti. Ine ndemwe ndinakhalapo kuyesa, sunaphwanyike. Tsiku loyamba Mphatso anaika manja pakatebulo n'kugwira supuni. Ndinalira, ana anga. Tsopano ndikamasankha nyemba amakhala pafupi nane, tikuyang'anana kumaso.

Koma ndisakunamizeni, madzi ndi mdani wake. Kuno ku Kanyama mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba, ndiye ndimaukweza pabedi. Mkodzo ukamalowa pansi pa pulasitiki umafewa. Ndiponso ulibe mawilo, kuchipatala ndimaberekabe.

aPhiri, kalipentala, Kalingalinga:
Agogo, za makatonizi ndinkazipeputsa, koma ndinamva kuti luso limeneli linayambira pafupi pompa ku Zimbabwe, kwa bambo wina dzina lake Bevill Packer, kenako n'kufalikira mayiko ambiri. Ndipo nditawerenga zomwe alemba NaBanda, ndaona kuti uja ndinapangira mwana wa mlongo wanga ndinayeza ndi maso chabe, popondera sindinaikepo. Loweruka ndipita ndikauonenso. NaBanda, mukandilembera miyezo papepala, ine kudula ndi kukhoma ndimatha.

NaBanda, wa mafizo:
Ndi zomwe timafuna, aPhiri. Mukamapanga, boolani mabowo angapo m'mbali kuti popondera ndi zotchinga m'nthiti zizisunthika mwana akamakula. Ana amasintha msanga, pakatha miyezi 6 ndi bwino kuyezanso.

Amake Dalitso, Matero:
Komabe nkhani ya mawilo simunaiyankhe. Wa makatoni ndi wa matabwa ndi ya m'nyumba. Msana wa Amake Tiyamike utani? Mwanayu adzapita bwanji kusukulu?

Atate ake Yamikani, Mtendere:
Pamenepo muli ndi mfundo, amayi. Ifenso mawilo tinawafunabe. Tinapita ku Disacare, komwe amapanga ndi kukonza njinga za olumala konkuno ku Lusaka, ndipo chikathyoka chitsulo chake wowotcherera aliyense amachidziwa. Ilipo ina yopangidwa ku Cape Town ndi Shonaquip, kampani yomwe anaiyambitsa mu 1992 mayi amene mwana wake anali ndi vuto lomweli. Ya ana ya kampaniyi ili ndi mawilo aakulu ndipo imapendekeka yonse, anaipangira misewu ngati yathuyi. Komanso ngati simunamulembetse Tiyamike ku ZAPD, bungwe la boma loona za anthu olumala, kamulembetseni atenge khadi. Lamulo la anthu olumala la 2012 linaikidwira ana ngati athuwa, ndipo mabungwe othandiza amakonda kufunsa khadilo.

Amake Tiyamike, Chawama:
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Mtima ukufunabe mpando uja, sindibisa, chifukwa ndatopa ndipo ndimafuna mwana wanga aoneke bwino pakati pa anthu. Ndamuimbira wogulitsayo kumupempha kuti tiutengere kwa afizo Lachinayi, tsiku lathu la kiliniki, Tiyamike akakhalepo ndisanalipire. Wati aganiza kaye, wati pali winanso akuufuna. Atate ake akuti za kaloba tizisiye. Agogo, ku APTERS munapita ndi kalata ya dokotala kapena munangofika?

Agogo ake Mphatso, Kanyama:
Anatitumiza ndi afizo omwe amamuona Mphatso. Inunso afunseni anu Lachinayilo. Mutenge thewera lapadera ndi kaphala m'botolo, poyeza pamatenga nthawi ndipo mwana amatopa.

NaBanda, wa mafizo:
Wogulitsayo akakana kuubweretsa, mupempheni aike tepi pa pokhalira, m'litali ndi m'lifupi, ajambule manambala akuoneka. Ajambulenso mawilo, mabuleki ndi pomwe lamba wa m'chiuno wamangidwira. Inu madzulo ano mumugoneke Tiyamike chammbali, mawondo atapindika, muyeze kuchoka kumatako kufika kuseri kwa bondo, munditumizire nambalayo.