Tikufuna kukaona phiri la Mulanje kuchokera ku Mangochi, tithandizeni maganizo

Mayi a ku Mpondasi: Muli bwanji nonse? Ndine mlembi wa banki m'khonde ya amayi 12 kuno ku Mangochi, ndipo titagawana ndalama tinapatula kangachepe koti tikaonere phiri la Mulanje, popeza ambirife tinakulira kunyanja ndipo phirilo timangolimva pawailesi. Tikufuna kudzera ku Liwonde, tikakwere phiri la Zomba, kenaka tikagone ku Mulanje. Koma mtima wanga suli m'malo. Amayi awiri sanamalize kupereka, ndipo mmodzi mwa iwo ndiye akulimbikira kuti tonse tisoketse chitenje chofanana. Alamu anga analonjeza minibasi yawo pamaso pa gulu lonse, koma tsopano sakuyankha foni, ndipo mkazi wawo, amene ndi mng'ono wanga weniweni, akandiona kumsika amayang'ana kumbali, chikhalirecho ndinamulerera ana miyezi itatu iye ali m'chipatala. Kodi ulendowu ungatheke ndi minibasi imodzi, nanga tikonzekere zotani?

Bambo a ku Namwera: Mayi, ine ndayendetsa galimoto zaka zambiri, ndipo ndikukuuzani kuti nkhani yonse yagona pa mabuleki. Dalaivala wozolowera msewu wa chidikha wa ku Monkey Bay sadziwa kutsika phiri. Amaponda buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi, mabuleki amatentha n'kuyamba kununkha, ndipo pofika pakona yoopsa amapeza kuti asiya kugwira. Potsika pamafunika giya yaikulu, monga wani kapena thuu, injini igwire galimoto. Komanso n'chifukwa chiyani mukutaya ndalama za mafuta kupita kutali? Mukangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera ku Chowe, muona nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire zili pansi panu.

Mphunzitsi wa ku Phalombe: Mayi, simunatiuze kuti mukupita mwezi uti, ndipo popanda zimenezo n'kovuta kukulangizani. Nthawi ya dzinja miyala imaterera ndipo mitsinje imadzadza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwa kumtunda kokha. Mu Juni ndi Julayi kumakhala chiperoni, ndipo munthu wozolowera kutentha kwa ku Mangochi sangapirire popanda juzi ndi bulangete. Ndi mwezi uti, ndipo mukagona masiku angati?

Nachisale: Achemwali, za alamu zisiyeni. Ine anandichitapo zomwezo paukwati wa mwana wanga. Galimoto ya wachibale sinabwere, anthu anakhala ndi mapoto a nsima pamsewu mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mpaka lero sitilankhulana bwino. Chitani hayala kwa munthu wapadera, mulemberane papepala, ndipo theka la ndalama mudzamupatse pobwera.

Bambo a ku Namwera: A Nachisale, pepala siliimitsa galimoto pamtsetse. Wapaderayo ndiye woopsa, chifukwa adzakupatsani mnyamata amene sanauonepo msewu wokhotakhota wokwera phiri la Zomba. Anthu 12, katundu, mbaula, ufa, zonsezo m'minibasi imodzi. Yang'anani matayala ndi maso anu musanakwere.

Agogo a ku Likhubula: Ana inu mukukamba za galimoto, koma palibe amene wakamba za ulemu. Phiri la Mulanje si malo ochitirapo phokoso. Makolo athu anatcha nsonga yake Sapitwa pa chifukwa, ndipo anatiphunzitsa kuti ukapeza chakudya m'phirimo usaitane mnzako. Alendo ena anasowa atakwera okha popanda wowatsogolera. Mukabwera, bwerani modzichepetsa.

Mnyamata wa ku Zomba: Agogo, ndikukulemekezani, koma amene amasowa amasochera ndi chifunga. Sapitwa ndi yaitali mamita 3,002, ndipo mtambo ukatsika suona ngakhale mnzako amene ali patsogolo pako. Tisawaopseze amayiwa.

Agogo a ku Likhubula: Mwanawe, chifungacho ndakhala nacho moyo wanga wonse, ndipo sindikufunika kuphunzitsidwa ndi iwe.

Mphunzitsi wa ku Phalombe: Za Sapitwa zisakutayitseni nthawi, chifukwa kumeneko ndi ulendo wa masiku angapo, wogona m'tinyumba ta m'phiri monga ka Chisepo. Gulu ngati lanu lifikire ku Likhubula, likalembetse ku ofesi ya zankhalango, lipeze wotsogolera wodziwika, ndipo liyende mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, ulendo wa ola limodzi kapena kuposerapo. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ndiponso akuya, musawayese ngati a kugombe kwanu. Valani nsapato zogwira pansi, masilipasi asiyeni. Ife kuno sitinaiwale namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukwirira midzi, n'chifukwa chake ndikufunsabe za mwezi.

Mnyamata wa ku Zomba: Pa Zomba musalephere kufika pa Emperor's View, pamene anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Kukacha bwino mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje lomwe. Koma njira yofikira kumeneko ndi yafumbi, ndipo minibasi yodzadza ingavutike.

Bambo a ku Namwera: Mwamva? Ndi zomwe ndakhala ndikunena chiyambire. Mukakakamira, minibasi idzatsala m'phiri ndipo mudzagona panja ndi zitenje zanu zofananazo.

Mayi a ku Mpondasi: Zikomo nonse. Ndawerengera amayi anzanga mayankho anu, ndipo tsopano atatu akuti sakwera phiri chifukwa cha maondo, koma ndalama zawo akuzifuna. Mng'ono wanga uja wandiimbira usiku, osati kudzapepesa, koma kudzandifunsa chifukwa chimene ndaikira nkhani ya m'banja pagulu, ngakhale kuti sindinatchule dzina la munthu.

Mphunzitsi wa ku Phalombe: Pepani ndi zimenezo, mayi. Koma chonde, mukunyamuka mwezi uti?

Bambo a ku Namwera: Mwezi uliwonse, mabuleki ndi omwewo. Mukapeza dalaivala, mumufunse kaye kuti potsika Chowe amaika giya yanji.