Zatheka: modemu ndi sikirini pa Windows 98 ndi Red Hat 7.3

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija la kompyuta yokhala ndi Windows 98 komanso Linux ya Red Hat 7.3, imene modemu yake inkaimba bwinobwino pa Windows koma pa Linux kuli zii, sikirini nayo itakakamira pa 640x480.

Amene munati modemu yam'katiyo ndi winmodem munalasa. Mtundu umenewu umadalira dalaivala wa Windows, n'chifukwa chake Linux sinkaiona. Ndinalumikiza modemu yakunja pa kabowo kolumikizira ka COM1, yomwe Linux imaitcha /dev/ttyS0, n'kulemba wvdialconf /etc/wvdial.conf ndili root (akaunti ya woyang'anira kompyuta pa Linux). Inapezeka pompo. Mufayilo ya /etc/wvdial.conf lembani Phone, Username ndi Password, ndipo muchotse kachizindikiro ka ";" kumayambiriro kwa mizere itatuyo, apo ayi pulogalamu yoimbira ya wvdial siiwerenga.

Italumikiza, masamba a pa intaneti sankatsegukabe. Vuto linali DNS, yomwe imasandutsa mayina a masamba kukhala manambala a maadiresi awo. Apa mpamene Windows inathandiza: ili pa intaneti, pulogalamu ya winipcfg inaonetsa manambala a DNS, ndipo ndinawakopera mu /etc/resolv.conf, iliyonse pamzere wake pambuyo pa mawu oti nameserver.

Za sikirini, mu /etc/X11/XF86Config-4 manambala a HorizSync ndi VertRefresh (liwiro limene monita imajambulira chithunzi) anali otsika kwambiri, ndiye X, pulogalamu yoonetsa zithunzi pa sikirini, inkakana 1024x768. Ndinaika olembedwa m'kabuku ka monitayo, DefaultDepth 16, ndi Modes "1024x768". Chonde musangoyerekeza manambalawa, opitirira muyeso angathe kuwononga monita yakale. Sungani kaye kope la fayiloyo musanaisinthe.