Mtchatho wa agogo a ku Ntcheu: tiyambire kwa DC, ku mishoni kapena ku Zomba?

Nangozo_Lizulu:
Moni nonse. Tikulemba mbiri ya banja lathu koma tikusowa umboni wa ukwati wa agogo athu. Anali a ku Ntcheu, m'dera la Inkosi Gomani, ndipo anakwatirana cha m'ma 1940 kapena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Akuluakulu amati unali wa mtchatho, ndiye kuti womangidwa kutchalitchi, koma pepala lake palibe amene analiona. Agogo aamuna anagwirako ntchito ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare. Kodi kaundula wa nthawi imeneyo amapezeka kuti? Chachiwiri, mchemwali wanga akufuna kulembetsa ukwati wake ku boma chaka chino. Ndondomeko yake ndi yotani?

Mkulu_wa_Mpingo58:
Zikomo a Nangozo. Musathamangire kwa DC. Poyamba funsani kumudzi kuti agogowo ankapemphera kuti, chifukwa buku limatsata mtundu wa ukwati. Pa nthawi imeneyo anthu akuda ambiri okwatirana kutchalitchi ankalembedwa motsatira lamulo la 1923 lolembetsa maukwati a Akhristu, ndipo wosunga buku anali mbusa kapena wansembe pa mishoni. Lamulo la 1902, lija la mkazi mmodzi basi, ankaligwiritsa ntchito kwambiri azungu ndi ophunzira ochepa.

Ntcheu ndi boma lovuta pang'ono chifukwa mipingo inagawana midzi. Akatolika a Montfort anatsegula Nzama mu 1901. A Dutch Reformed anali pa Mlanda, pomwe lero ndi pansi pa Nkhoma Synod ya CCAP, koma mbali ina ya bomali ili pansi pa Blantyre Synod. Pali mishoni ya Gowa, palinso ya Dombole ya mpingo wa Zambezi. Mukalakwitsa mpingo mudzangotha ndalama za basi.

Chomwe chimasokoneza ambiri ndi ichi: tchalitchi chomwe chili pafupi ndi mudzi wanu lero mwina mu 1948 chinali kasukulu ka udzu chabe. Mabuku ankakhala pa siteshoni yaikulu, ndipo parishi kapena mpingo watsopano ukapatuka, mabuku akale amatsala kwa mayi wake. Choncho funsani kuti "mpingo uno unachokera mu mpingo uti, chaka chanji?" mpaka mufike pa siteshoni yomwe inalipo chaka chomwe mukufunacho.

Ngati anali Akatolika, pemphani bambo mfumu akuonetseni buku la ubatizo, osati la maukwati lokha. Kuyambira mu 1908 lamulo la mpingo limafuna kuti munthu akakwatira, tsiku ndi malo ake zilembedwe pambali pa dzina lake m'buku la ubatizo. Ndiye ngakhale buku la maukwati litadyedwa ndi chiswe, tsiku mukhoza kulipeza. Mabuku akalewo ambiri ndi a m'Chilatini: Yohane mudzamupeza ali Joannes, Petulo ali Petrus. Ngati anali a CCAP, kaonaneni ndi abusa ndi mlembi wa mpingo, ndipo mupemphenso mabuku a misonkhano ya akulu a mpingo. Nkhani za kuduka ndi kubwezeretsedwa mu mpingo chifukwa cha banja zimalembedwa mmenemo, nthawi zina mpaka maina a ankhoswe.

Tsiku la mtchatho musalitenge ngati tsiku lomwe banja linayamba. Ambiri ankayamba ndi unkhoswe, kubereka ana awiri atatu, kenaka n'kudzadalitsa ukwati atamaliza kalasi ndi kubatizidwa. Mukasowa dzina mu 1947, pitirizani kutsegula masamba mpaka zaka khumi kapena khumi ndi zisanu kutsogolo.

Chisale_Zamalamulo:
Ine ndiyankhe za mchemwali wanu. Lamulo lomwe likugwira ntchito ndi la 2015 la maukwati, kutha kwa banja ndi za m'banja. Limavomereza ukwati wa ku boma, wa chikhalidwe, wa chipembedzo, komanso wa anthu ongokhalira limodzi zaka zosachepera zisanu, koma womalizawu ndi khoti lokha lomwe lingautsimikize. Onse awiri akhale atakwanitsa zaka 18.

Wa ku boma umayenda chonchi. Apite kwa DC kapena ku ofesi ya Registrar General ndi ziphaso zawo za unzika, akadzaze fomu yodziwitsa za ukwati. Chidziwitsocho chimalembedwa m'buku ndi kumatidwa poyera kwa masiku 21 kuti woletsa abwere poyera. Masikuwo akatha popanda chovuta, amapatsidwa chilolezo, ndipo ukwati uyenera kumangidwa isanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe anapereka chidziwitso. Ikadutsa, amayambiranso. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: amalipira holo ndi kusindikiza makadi, kenaka n'kupita ku boma kutatsala sabata imodzi. Pa tsikulo pafunika mboni ziwiri zokhala ndi ziphaso.

Ngati mmodzi anakhalapo pabanja, atenge chikalata cha kukhoti chothetsa banja loyamba kapena chiphaso cha imfa ya mnzakeyo. Mawu apakamwa a ankhoswe akuti "linatha kalekale" sakwanira. Adziwenso kuti ukwati wa ku boma salola mitala. Asanasainire awerenge dzina lililonse chilembo ndi chilembo, lifanane ndi la pa chiphaso ndi pa pasipoti. Chirwa kwina, Chilwa kwina, zimadzavuta pofunsira viza kapena penshoni. Risiti ya boma asunge pamodzi ndi setifiketi.

Pa za agogo, ndikugwirizana ndi mkulu wa mpingo, koma kalata yopita kwa Registrar General ku Blantyre mulembebe. Akafuna maina onse awiri, boma, mpingo ndi chaka. Popanda chaka choyandikira, kusakako kumakhala kovuta chifukwa mabuku akale amatsatira chaka ndi malo, osati maina.

Wa_ku_Zomba_Mkulichi:
Ku National Archives, nyumba yosungira zikalata zakale za dziko ku Zomba, kubwere pomaliza, mutadziwa kale mudzi, mfumu yaikulu ndi mpingo. Nyumbayi inayamba mu 1947. Zikalata zambiri za boma za zaka zoyambirira zinapsa ndi moto womwe unawononga maofesi a likulu la boma ku Zomba mu 1919, koma zaka zanuzo ndi za pambuyo pa motowo. Tengani chiphaso, pensulo ndi kope, ndipo funsani kaye malamulo a kujambula ndi foni.

Chomwe mungapeze kumeneko nthawi zambiri si mtchatho weniweni. Ndi mafayilo a boma la Ncheu, mabuku omwe ma DC ankalembamo za mafumu ndi midzi, zikalata zomwe mishoni zina zinasungitsa, ndi zolemba za makhoti a mafumu omwe anakhazikitsidwa mu 1933. Ukwati wa unkhoswe unkakhala m'mitu ya ankhoswe, ndipo kawirikawiri unkafika pa pepala pokhapokha pakabuka mlandu.

Samalani ndi kalembedwe. Ntcheu ankalemba Ncheu, Thyolo Cholo, Mangochi anali Fort Johnston, Mchinji Fort Manning. A ku Nkhoma ankalemba c m'malo mwa ch, ndiye Chisale mudzamupeza ali Cisale. Phiri ena analemba Piri. Amayi ambiri analembedwa ndi chiwongo chokha, Nangozo kapena Namaseko, opanda dzina lina, ndipo dzina la ubatizo limasiyana ndi lomwe ankaitanidwa nalo pamudzi. Amuna opita kuntchito ena ankasintha dzina pa chitupa. Lembani maina onse omwe agogo aliyense ankadziwika nawo, dzina la bambo ake, la amalume ake ndi la nyakwawa ya nthawi imeneyo musananyamuke. Dzina likakayikitsa, mudzi ndi mboni ndi zomwe zimatsimikiza kuti ndi yemweyo.

Nangozo_Lizulu:
Zikomo kwambiri nonse. Azakhali akuti anali a Dutch, ndipo agogo aakazi kwawo kwenikweni kunali kutsidya kwa msewu, mbali ya Mozambique. Kodi zimenezi zisintha chiyani?

Mkulu_wa_Mpingo58:
Ndiye yambani pa Mlanda, mukalephera mulembere ofesi ya sinodi ku Nkhoma. Zikalata zina za mishoni ya Dutch zili m'nyumba yosungira mbiri ya mpingowo ku Stellenbosch ku South Africa, zambiri m'chinenero cha Afrikaans. Kukhala wa kutsidya si chifukwa chothamangira ku Angonia, poti anthu a m'malire ankapemphera komwe kunali pafupi, ndipo buku lili komwe ukwati unamangidwira. Akanakhala Akatolika ndikanati muyesenso mishoni ya Lifidzi ku Angonia komweko.

Za ku Salisbury musaziiwale. Ngati agogo aamuna anaitanitsa mkazi wawo kumeneko, mwina anakadalitsira ukwati mu mpingo wa anthu a ku Nyasaland, womwe lero ndi CCAP Harare Synod. Funsani azakhaliwo kuti mwana woyamba anabatizidwira kuti, ndipo mupemphe mlembi wa mpingo umenewo kuti akuonereni ngati makalata osamukira a makolo ake alipo.