Zija ndinafunsa za ma tool a pa terminal, nazi zatuluka

Anzanga, masabata awiri apitawo ndinafunsa kuti tigwiritse ntchito ma tool ati a pa command line, poti kagulu kathu kuno ku Mangochi tilipo atatu, ine ndili pa Windows, mnzanga wina pa Ubuntu (mtundu wa Linux), winayo ali ndi ka MacBook kakale. Ambiri munati ndiike WSL, yoyendetsera Linux mkati mwa Windows, ndiye ndinaikadi WSL 2 ndi Ubuntu, bandulo inathera pompo koma zinatheka.

Chomwe chinatizunza kwambiri ndi script ya bash yomwe ndinalemba ndili pa Windows, kwa mnzanga inkangokana, ati bad interpreter ndi ka ^M kumapeto, tinakhalira tsiku lonse ndi kutentha kwa kuno nako, kumeneko nkuti Windows imamaliza mzere ndi zizindikiro ziwiri zobisika (CRLF) pomwe Linux ndi Mac zimafuna chimodzi chokha basi (LF). Tinaika fayilo ya .gitattributes yokhala ndi eol=lf, youza git (pulogalamu yosungira code yathu) kuti mizere izithera ndi LF, nkhani inatha.

Kenako sed, tool yosinthira mawu mu mafayilo. Ya pa Mac ndi ya mtundu wa BSD, yosiyana ndi ya pa Linux, ukalemba sed -i ngati pa Linux imakana, ndiye wa MacBook uja anakoka gnu-sed (sed ya pa Linux ija) pa Homebrew (poikira mapulogalamu pa Mac), pano amalemba gsed. Koma ine ndinaona kuti ma script ataliatali bola tingowalemba mu Python, mutu usamawawe.

Pofufuza mawu tonse tili pa ripgrep, ndi yachangu zedi komanso imadumpha yokha zomwe zili mu .gitignore, fayilo yotchula zomwe git isamasunge. PowerShell 7 (command line ya Microsoft) tinaisiya, imayenda paliponse inde koma anzangawa anakana kuphunzira zatsopano.

Amene mukuika WSL, pulojekiti musaisunge mu /mnt/c (drive C ya Windows mukakhala mu WSL), git status imakwawa ngati kamba, isungeni ku home ya Ubuntu komweko.