Kodi mawu akuti Carioca tiziwalemba bwanji m'Chichewa?

Akuluakulu odziwa chilankhulo, ndithandizeniko pa mawu akuti Carioca, amene amapezeka kawirikawiri m'nkhani za mpira wa ku Brazil.

Carioca ndi munthu wa mumzinda wa Rio de Janeiro, makamaka wobadwira momwemo. Wa m'chigawo chonse cha Rio de Janeiro amatchedwa Fluminense, choncho munthu wa ku Niterói, mzinda wina wa m'chigawochi woyang'anizana ndi mzinda wa Rio kutsidya kwa madzi, ndi Fluminense koma si Carioca. Kusiyanaku kunakula likulu la dziko litasamukira ku Brasília mu 1960, pomwe mzindawo unakhala chigawo pawokha chotchedwa Guanabara, mpaka mu 1975 pamene anauphatikiza ndi chigawo cha Rio de Janeiro. Chosokoneza n'chakuti mpikisano wa mpira wa chigawo chonse amautcha Campeonato Carioca, ngakhale muli matimu ngati Volta Redonda ochokera kunja kwa mzinda, pamene timu ya Fluminense ili mumzinda momwemo.

Tsono tikalemba kuti "wa ku Rio", mzinda ndi chigawo zasakanikirana poti dzina ndi limodzi. "Wa mumzinda wa Rio" zikumveka, koma n'zazitali pamutu wa nkhani. Kodi tingaike M- ndi A- monga timachitira ndi Mmalawi, Amalawi, n'kumati Mkarioka, Akarioka? Ine ndikuopa kuti owerenga angaganize kuti ndi mtundu wa anthu, chifukwa M- ameneyu timamudziwira pa mitundu ndi mayiko, osati mizinda.

Inu olemba nkhani zamasewera, mumatani? Nanga njira yanuyo ingagwirenso ntchito ku São Paulo, kumene Paulistano ndi wa mumzinda, Paulista wa m'chigawo?