Kondomu inaphulika Loweruka usiku, lero Lachiwiri: mapiritsi apangozi angathandizebe?

Nachisale_Mufakose:
Moni nonse. Ndikufunsira mng'ono wanga. Kondomu inaphulika Loweruka usiku, lero ndi Lachiwiri m'mawa. Akumwa mankhwala a TB, ndipo ndi wathupi ndithu, mwina makilogalamu 80. Anzake akumuuza kuti akagule Postinor-2 ku pharmacy m'tauni, ena akumuopseza kuti amawononga chiberekero. Kodi nthawi ilipobe? Nanga akamwa, ayembekezere zotani m'thupi?

Namwino_waku_Highfield:
Achemwali, nthawi ilipo koma ikutha, musadikire mawa. Kuchokera Loweruka usiku papita maola pafupifupi 60.

Postinor-2 ndi levonorgestrel, mapiritsi awiri a 0.75 mg, amwe onse awiri nthawi imodzi kuti zikwane 1.5 mg, palibe chifukwa chosiyira lina maola 12. Ma pharmacy ena amagulitsa piritsi limodzi la 1.5 mg, mankhwala ndi omwewo. Amagwira bwino m'maola 72, ndipo mphamvu imatsika tsiku lililonse. Palinso ulipristal acetate 30 mg, ena amaidziwa ndi dzina loti ellaOne, yomwe imafika maola 120.

Koma kwa mng'ono wanuyu vuto lalikulu ndi mankhwala a TB aja. Muli rifampicin, yomwe imafulumizitsa chiwindi kuphwanya mahomoni, motero piritsi limatha mphamvu lisanagwire ntchito. Zimachitikanso ndi efavirenz ya ma ARV akale komanso carbamazepine ndi phenytoin za khunyu. Ulipristal pamenepa musataye nayo ndalama. Thupi lopitirira makilogalamu 70 nalonso limachepetsa mphamvu ya levonorgestrel. Zinthu ziwirizi zikakumana, chomwe ndingalangize ndi lupu ya kopa. Imaikidwa m'masiku 5 chichitikire, imateteza koposa 99 pa 100 aliyense, siisokonezedwa ndi mankhwala kapena kulemera, ndipo ikhoza kukhalamo zaka 10 kapena kuchotsedwa msambo ukabwera. Pitani ku Spilhaus, chipatala cha ZNFPC (bungwe la boma loona za kulera ku Zimbabwe) pafupi ndi Sally Mugabe Hospital ku Harare, kapena ku Population Services Zimbabwe. Masiku 5 akutha Lachinayi usiku.

Lupu ikavuta kupeza lero, amwe levonorgestrel wowirikiza, 3 mg, ndiye kuti mapaketi awiri a Postinor-2 nthawi imodzi, kwinaku akufunafuna lupuyo. Mankhwala a TB asasiye ngakhale tsiku limodzi.

Chembere_ya_Mbare:
A Namwino anena zenizeni. Ine ndiyankhe za m'thupi, poti ndi zomwe zikumuopsa mtsikanayo.

Nseru ndi yomwe imabwera kawirikawiri, ena mutu, chizungulire, kutopa, mabere kuwawa, m'mimba kupota. Zimatha m'tsiku limodzi kapena awiri. Kudya kaye kanthu kumachepetsa nseru, panado amakwanira pa mutu. Akasanza pasanathe maola 2 chimwereni, piritsilo latuluka, amwenso lina.

Msambo ndi umene umasokoneza anthu maganizo. Ukhoza kufulumira, ukhoza kuchedwa masiku angapo, ukhoza kubwera wambiri kuposa kale, mwinanso timagazi todontha pakati pa mwezi. Timagazi timeneti si msambo ayi, ndipo si umboni woti piritsi lagwira. Msambo ukachedwa kupitirira masiku 7, kapena ukabwera wochepa modabwitsa, ayezetse mkodzo. Kuyeza mawa kapena sabata ino n'kungotaya ndalama. Mzere woona umadalirika pakatha masabata 3 chichitikire.

Chomwe sichidikira ndi kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba mbali imodzi, makamaka ndi kukomoka kapena magazi. Imeneyo ikhoza kukhala mimba yokhala kunja kwa chiberekero, ndipo ndi ya ku casualty nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku.

Zoti amawononga chiberekero kapena kuumitsa munthu ndi nkhambakamwa chabe. Mapiritsiwa amachedwetsa dzira kutuluka, basi. Sachotsa mimba yomwe yakhala kale, ndipo n'chifukwa chake amalephera ngati dzira linali litatuluka. Lupu ndiye imakhala ndi zake: kupota poika, ndi msambo wochulukirapo miyezi yoyamba.

Bambo_Phiri_Pharm:
Amayi, pang'ono pa kusanzapo: maola 2 ndi a levonorgestrel, koma pa ulipristal timawerenga maola 3.

Ndionjeze cholakwa chomwe chimabweza anthu ambiri ali ndi mimba. Piritsi lapangozi limaphimba zomwe zachitika kale zokha. Popeza langokankhira dzira kutsogolo, kugonana popanda chitetezo Lachisanu kumakumana ndi dzira lochedwalo. Umuna umakhala ndi moyo m'thupi mwa mayi mpaka masiku 5. Ndiye kondomu mpaka njira yolera yokhazikika iyambe kugwira. Akamwa levonorgestrel angayambe jakisoni wa Depo tsiku lomwelo, n'kugwiritsa kondomu masiku 7. Amene wamwa ulipristal adikire masiku 5 asanayambe njira ya mahomoni, chifukwa zimalimbana. Kwa munthu wa rifampicin, mapiritsi a tsiku ndi tsiku monga Control kapena Secure komanso timapulasitiki toika pamkono (implant) sizodalirika mpaka masiku 28 atamaliza mankhwala a TB. Depo ndi lupu sizisokonezeka.

Ena amamwa mapiritsi olera wamba ochuluka, anayi tsopano ndi anayi pakatha maola 12. Njirayo ilipodi m'mabuku, koma imasanzitsa kwambiri ndipo ndi yofooka pa zonsezi. Mu Harare, momwe ma pharmacy ali ponseponse, sindikuona chifukwa choifikira.

Namwino_waku_Highfield:
Ndinaiwala chachikulu. Kondomu ikaphulika nkhani si mimba yokha. Ngati sakudziwa momwe mwamunayo alili, kapena mwamunayo ali ndi HIV, afunse PEP (mankhwala oteteza ku HIV munthu akakhala kuti anali pachiopsezo chotenga kachilomboka) lero lomwe: iyenera kuyambika m'maola 72, ndiye kuti usiku uno, ndipo imamwedwa masiku 28. Awauze a chipatala za rifampicin, poti mlingo wa dolutegravir, yomwe ili m'mankhwala a PEP, umasintha. Ndipo ngati zinachitika mokakamizidwa, ku Parirenyatwa kuli Adult Rape Clinic komwe zonsezi amathandiza pamalo amodzi.

Nachisale_Mufakose:
Zikomo kwambiri nonse. Tikukwera kombi ya ku Southerton, komwe kuli Spilhaus, pompano, khadi lake la TB tatenga.